Wokuikirani Chitseko Akhale Munthu Wopezeka Mawa

Adzukulu anga, ndamva kuti pa puloti yanu ya ku Kanyama silabu mwathira ndipo mabuloko ayamba kukwera. Mwachita bwino. Tsono musaganize kuti za zitseko mudzaziona malata atakhomedwa, chifukwa nkhani ya chitseko imayambira pa mzere woyamba wa mabuloko. Inunso amene mukadali pa lendi ku Chawama ndi ku George tcherani khutu, pakuti mu Lusaka muno palibe amene amamera imvi asanakokanepo malaya ndi kalipentala kapena wowotcherera.

Ife amene tinakulira m'nyumba za khonsolo ku Matero tinazolowera zina. Chitseko chikaguluka unkapita ku ofesi kukalembetsa, n'kubwerera kukadikira, pena mwezi, pena osabwera n'komwe, koma mlandu sunali wako. Mu 1996 a Chiluba atalamula kuti nyumba za khonsolo zigulitsidwe kwa okhalamo, tinavina mapepala ali m'manja, osadziwa kuti nyumba tagula pamodzi ndi chiswe chake, dzimbiri lake ndi mahinjesi ake okutha. Anzathu a ku George ndi ku Chawama analibe ofesi yokadandaulako chiyambire. Boma linawazindikira ndi lamulo la 1974, ndipo ndalama za World Bank zinabweretsa misewu, mipopi ya madzi ndi ngongole za zipangizo, koma womanga anali mwini nyumba ndi mnansi wake. Ku Kalingalinga zotere zinafika m'zaka za m'ma 1980 ndi thandizo la Ajeremani. Amisiri amene mumawaona ndandanda m'mphepete mwa msewu wa Alick Nkhata, kapena ku Garden m'mbali mwa msewu wa Katima Mulilo, mageti ndi mafelemu atawatsamiritsa pa mitengo, ndi ana ndi adzukulu a ntchito imeneyo. Luso m'komboni lilimo, moti ngakhale a kumayadi amaimika magalimoto awo pa fumbi lomwelo kudzagula. Ine sindingakuuzeni kuti muthawe mmisiri wa m'komboni. Changa n'chakuti mudziwe kumusankha.

Mmisiri ndisanamufunse mtengo, ndimayamba ndadziwa kumene amagona ndi pamene amagwirira ntchito. Chitseko sichiulula zolakwa zake tsiku loikidwa. Tsiku limenelo chimanunkhira vanishi, loko akulira bwino, aliyense akumwetulira. Chimadzayankhula mu Okutobala dzuwa litaumitsa matabwa, n'kudzayankhulanso mu Januwale mvula itawafufumitsa. Pamenepo mudzamufuna munthu uja, nanga mukamupeza kuti? Mmisiri amene wakhala zaka pansi pa mtengo umodzimodzi, ana ake akuphunzira pa sukulu ya m'dera lanu, mkazi wake akugulitsa tomato pa msika womwe mumagulapo ndiwo, ameneyo alibe kothawira, ndipo dzina lake amalisamala chifukwa ndilo limamudyetsa. Koma alipo ena oyendayenda m'mapuloti, tepi m'khosi, pensulo kukhutu, amene akangoona mabuloko akukwera amatulukira: "Ba bosi, mafelemu mwagula kudala? Nili nayo yabwino, mutengo tizamvelana." Mukamufunsa kumene kuli shedi yake, amaloza ndi mlomo cha kumadzulo. Chake ndi nambala ya foni basi, ndipo nambala imatayidwa m'ngalande tsiku lomwe walandira ndalama. Zithunzi za zitseko zokongola zimene angakuonetseni pa WhatsApp kapena pa Facebook musazitengere, chithunzi sichinena amene anapanga.

Muuzeni akutchulireni nyumba zimene anaikako zitseko zaka ziwiri kapena zitatu zapitazo, ndipo mupiteko iye kulibe. Mukafika muodire mwaulemu, mucheze ndi mayi wa pakhomopo, chifukwa ndiye amatsegula ndi kutseka chitsekocho kuposa wina aliyense, beseni la zochapa m'manja, mwana kumbuyo. Akakulolani, chigwireni nokha. Chitseguleni theka n'kuchisiya. Chikayamba kuyenda chokha, felemu linapendekeka. Yang'anani pansi ngati chakhala chikukanda simenti potseguka, chimenecho n'chizindikiro chakuti chinalendewera. Lowani m'kati masana, mutseke, muone mmene kuwala kukulowera m'mbali. Mpata uyenera kufanana kuyambira pamwamba mpaka pansi, wongokwana kandalama kachitsulo. Muonenso ngati mayiyo pokhoma amachita kukankha ndi bondo kapena kunyamula chogwirira. Pomaliza muwafunse kuti, "Amayi, chitavuta munawaitana amisiriwo, kodi anabwera?" Yankho la funso limeneli ndilo ndimalidalira kuposa ena onse, chifukwa kulakwitsa aliyense amalakwitsa, koma obwerera kudzakonza ndi owerengeka.

Za mapepala ndinene mwachidule. Alipo anyamata amene anayesedwa luso ndi TEVETA ndipo ali ndi setifiketi, pamene makontilakita akuluakulu amalembetsa ku National Council for Construction. Akakuonetsani pepala lilandireni ndi manja awiri, koma zitseko zake mukazionebe. Ambiri mwa amisiri amene ine ndimawadalira anaphunzira ponyamulira wina matabwa ndi kumugwirira chitsulo powotcherera. Pamene ndikufuna muchenjere ndi pa wachibale ndi mnzanu wa kutchalitchi. Mlamu akakuikirani chitseko chokhota, mudzachikankha ndi phewa zaka khumi osatsegula pakamwa, kuopa kuti nkhani ingafike kumudzi. Ngati mukudziwa kuti simungathe kumuuza kuti "apa mwalakwitsa, bwerezani", mupezereni ntchito ina.

Tsopano felemu, pamene pagona nkhani yonse. Achinyamata mumathera ndalama pa chitseko chozokota maluwa n'kugula felemu lotsika mtengo kuposa onse, chikhalirecho wakuba kawirikawiri salimbana ndi thabwa, amakanula felemu. Mafelemu ambiri muno ndi achitsulo chopinda, ndipo akapakidwa penti wofiira onse amaoneka amodzi. Nyamulani awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ili, mumve kulemera kwake. Dinikizani m'mphepete ndi chala chachikulu, likavomera chala lisiyeni. Pa khomo lakunja musatsike pa chitsulo cha mamilimita 1.2, ndipo thumba likalola tengani cha 1.6. Chitseko chogula m'sitolo muyeso wake ndi mamilimita 813 m'lifupi ndi 2032 m'litali. Felemu likapangidwa mongoyerekeza ndi maso, mudzadula chitseko chatsopano kapena kuchiphatika kathabwa. Yezani mopingasa, kuchokera pa ngodya ya kumwamba kumanzere kufika ya pansi kumanja, kenako mbali inayo. Miyeso iwiriyo ikasiyana, felemulo n'lopotoka, ndipo palibe kalipentala amene adzaliwongole popala chitseko. Wopangayo mumuuzenso ngati khoma ndi la mabuloko a mainchesi 6 kapena 4, ndi dzanja limene chitseko chidzatsegukire. Imani pa silabu awirinu, mwamuna ndi mkazi, mugwirizane pamene padzakhale bedi ndi pamene padzakhale kabati, chifukwa mahinjesi akakhala mbali yolakwika mudzalowa m'chipinda chammbali moyo wanu wonse.

Tsiku loimika mafelemu musapite ku ntchito. Pemphani tchuthi, kapena mmodzi wa inu atseke kantemba, koma pakhale diso la mwini. Ndi ntchito ya maola ochepa, koma ikalakwika yokonzera yake ndi hamala yogumulira khoma. Womanga aike levulo pa miyendo yonse iwiri ya felemu, kutsogolo ndi m'mbali, inu mukuona ndi maso anu kuti kathovu kaja kaima pakati. Alichirikize ndi mitengo kuti lisasunthe mabuloko akamakwera. Kachitsulo kolumikiza miyendo pansi asakadule msanga, ndiko kamaletsa felemu kuthina simenti ikamalikankha. Tizitsulo ta m'mbali mwa felemu, timene anyamata aulesi amangotipindira m'kati, tiwongoledwe tilowe pakati pa mizere ya mabuloko. Mphako ya kumbuyo kwa felemu idzazidwe ndi matope a simenti mzere ndi mzere, osadikira kuti khoma lithe. Likauma, gogodani felemu ndi kiyi kuyambira pansi mpaka pamwamba. Pamene pakulira mosonyeza kuti m'kati mulibe kanthu ndi pomwe wakuba adzalowetse chitsulo chake. Pamwamba pakhale lintala ya konkire yokhala ndi zitsulo, yopitirira mbali zonse ziwiri, chifukwa felemu silinapangidwe kuti lisenze khoma.

Mnansi wanga wina anasiya womanga yekha tsiku lotere, iye n'kupita ku maliro. Felemu la khomo lalikulu linathina pakati, pang'ono chabe, mwina kukula kwa chala. Kalipentala atabwera ndi chitseko chodula anayamba kupala, kuyesa, kupalanso, utuchi wofiirira uli mbwee pakhonde, mpaka chinalowa. Koma pamwamba ndi pansi panatsala mipata yolowa dzanja la mwana, ndipo mpaka lero usiku amatsekapo ndi nsanza kuti udzudzu usalowe.

Inu a ku Kanyama ndi ku Chawama muli ndi mdani winanso, madzi. Dera lija ndi lathyathyathya, ndipo pansi pa dothi lochepa pali mwala, moti mvula ikagwa madzi amasowa kolowera. Akuluakulu akukumbukira chigumula cha 1978 chimene chinagwetsa nyumba zambiri ku Kanyama, ndipo madziwo sanasiye kubwera. Pemphani anansi okhalitsa akuonetseni pa makoma awo pamene madzi amalekeza, ndipo pakhomo panu pakwere kuposa pamenepo, ngakhale patafunika masitepe awiri. Miyendo ya felemu ipakidwe kawiri penti woletsa dzimbiri isanakwiriridwe, chifukwa dzimbiri limayambira pansi. Kakhonde, ngakhale ka lata limodzi pamwamba pa khomo, kamawonjezera zaka pa chitseko chamatabwa.

Za matabwa pitani nokha ku msika wa Buseko, kufupi ndi msewu wa Lumumba, limodzi ndi kalipentala wanu. Iye asankhe, inu mulipire, ndipo mumvetsere matabwa amene akuwakana ndi chifukwa chake. Pamenepo mudzadziwiranso ngati ntchito amaidziwa. Mtengo wa zitseko zakunja ndi mlombwa, umene ogulitsa amati mukwa, ndipo wambiri umachokera m'nkhalango za chigawo cha kumadzulo. Sufufuma kwambiri ndi mvula, sukhwinyata kwambiri ndi dzuwa, ndipo chiswe chimaupatsa ulemu. Koma ulemuwo ndi wa mtima wa mtengo, wofiirira uja. Mbali yoyera ya kunja kwa chipika imafumbwa, ndipo amisiri ena amaibisa ndi mankhwala opaka kuti chitseko chonse chioneke mtundu umodzi. Paini, amene wambiri amachokera m'minda ya ZAFFICO ku Copperbelt, ndi wabwino m'zipinda za m'kati, wopepuka m'manja ndi m'thumba momwe. Mlandu umabwera paini akavekedwa mtundu wa mlombwa n'kugulitsidwa pa mtengo wa mlombwa. Kwerani pa mpando muyang'ane m'mphepete mwa pamwamba pa chitseko, pamene wopaka amaiwala. Dinikizani chikhadabo pa thabwa: paini amalola msanga, mlombwa umakaniza. Chabwino koposa, muuzeni kalipentala kuti mukufuna kuchiona chitseko chisanapakidwe kalikonse. Wokana zimenezo ali ndi chobisa.

Thabwa laliwisi lagwetsa amisiri ambiri abwino, ndipo nthawi zambiri wolakwa amakhala mwini nyumba ndi changu chake. Limazizira m'manja, limalemera mopitirira, utuchi wake umamata pa macheka. Chitseko cha matabwa otere chimachoka pa shedi chili bwinobwino, koma pofika chilimwe timatabwa ta pakati timalekana mpaka mwana kumasuzumira kunja osatsegula. Kalipentala akakuuzani kuti matabwa ayambe agona pa mthunzi milungu ingapo, atasanjikizidwa ndi timitengo pakati kuti mphepo izidutsa, musamuyese waulesi. Muonenso polumikizira. Chitseko cholimba amachilumikiza polowetsa nsonga ya thabwa lina m'bowo la linzake, ndi guluu ndi tizikhomo tamtengo. Chongokhoma misomali, mabowo n'kumata ndi utuchi wosakaniza guluu, chimayamba kulendewera chaka chisanathe.

Zitseko zosalala zija za fulashi ndizo chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Kunja kathabwa kopyapyala, m'kati makatoni ndi mphepo. Kuchipinda chogona n'zabwino ndithu. Pa khomo lakunja kapena ku bafa zimasupuka madzi akangozipeza, ndipo mwana wa sukulu akhoza kuziboola ndi chidendene. Zambiri zili ndi mbali imodzi yokha imene anaikamo thabwa lolandira loko, ndiye woika wosasamala akachitembenuza, loko amagwira mphepo. Zitseko zachitsulo zochokera kunja, zonyezimira, za mipiringidzo yambirimbiri, zina n'zolimba, zina chitsulo chake n'chopyapyala zedi. Musanagule funsani ngati loko wake akafa angapezeke muno, ndi amene angamusinthe.

Chitseko cholemera chipachikidwe pa mahinjesi atatu. Mafelemu ambiri ogula amabwera ndi awiri, choncho nenani msanga kuti wowotcherera awonjezere felemu lisanalowe m'khoma. Masikuluwu alowe mozungulitsa, onse, m'mabowo onse. Mukamva hamala ikulira pa mahinjesi, dzukani mukaone, chifukwa sikuluwu yokhomera imang'amba thabwa ndipo sigwira. Chisanapachikidwe, chitseko chipakidwe mbali zonse, makamaka pansi ndi pamwamba pake, pamene maso safika koma chinyezi chimafika.

Loko mukagule nokha, ali m'bokosi lake losatsegula, ndipo makiyi muwawerenge pamaso pa wogulitsa. Sindikuti amisiri ndi akuba, ambiri ndi anthu oopa Mulungu. Koma mmisiri amabwera ndi anyamata omuthandiza, anyamatawo ali ndi anzawo, ndipo kusema kiyi pa msika ndi ntchito ya mphindi zochepa. Dziwaninso kuti maloko otsika mtengo a maleva awiri mitundu ya makiyi ake ndi yowerengeka, ili ndi manambala, ndipo munthu akhoza kugula kiyi wofanana ndi wanu m'sitolo ya zipangizo popanda womufunsa. Amenewo ndi a kuchipinda. Pa khomo lakunja ikani wa maleva ochuluka kapena wa silinda wabwino, muwonjezere mipiringidzo iwiri m'kati, wina pamwamba wina pansi. Ngati pomanga amisiri ambiri ankalowa ndi kutuluka ndi makiyi, tsiku losamukiramo sinthani loko. Polowa nyumba ya lendi chitaninso chimodzimodzi, pakuti simudziwa kuti amene anatulukamo anabweza makiyi angati.

Chitseko cha gilili ndikudziwa mudzachifuna, ndipo sindikuletsani. Amene munali akulu kumayambiriro kwa 2020, nkhani ya anthu opopera mankhwala m'nyumba usiku itagwedeza dziko, mukukumbukira mmene tinkagonera khutu lili kukhomo. Poyang'ana ntchito ya wowotcherera musakomedwe ndi maluwa achitsulo. Onani polumikizira ngati anawotcherera kuzungulira chitsulo chonse, kapena anangodontheza timadontho tiwiri n'kubisa ndi penti. Loko wopachika akhale m'kabokosi kachitsulo kuti chodulira chisamufike. Koma apa mundimvere bwino, adzukulu anga. Nyumba imene mwaitchinga kuti wakuba asalowe, inunso mwadzitsekeramo. Kandulo ikagwira katani usiku magetsi atazima, utsi umadzaza chipinda msanga, ndipo nthawi yofufuza kiyi m'matumba a buluku siipezeka. Kiyi wa gilili akhale ndi msomali wakewake, malo amodzi masiku onse, pamene dzanja lochokera pawindo silingafike, koma podziwika kwa aliyense wogona m'nyumbamo, mpaka mwana wa giredi 1. Ngati nyumba ili ndi makomo awiri, lachiwirilo lisatsekedwe ndi matumba a makala ndi njinga. Ndipo chitseko chanu chikakhala chothina bwino, m'nyengo yozizira ya Juni ndi Julayi mbaula izigona panja. Mpweya wa makala suoneka, sununkha, ndipo wapha mabanja ali m'tulo.

Tifike pa ndalama, pamene pamathera ubale. Mtengo wa zipangizo ukhale pawokha, wa manja pawokha. Lembani m'kabuku: zitseko zingati, za mtengo wanji, miyeso yake, mahinjesi angati, wopaka vanishi ndani, wolipira galimoto kuchoka pa shedi kufika pa puloti ndani, tsiku lomaliza ndi liti. Musaine nonse awiri pamaso pa mboni, munthu wamkulu wa m'deralo. Mmisiri woona sakhumudwa ndi kabuku, chifukwa kamamutetezanso iye inu mukayamba kuwonjezera ntchito pakamwa. Ya manja muigawe patatu: pang'ono poyamba, ina chitseko mukachiona ndi maso chili chathunthu, yotsala chikapachikidwa ndipo mwatsegula ndi kutseka nokha. Tumizani pa Airtel Money kapena pa MTN, ku nambala ya dzina lake, ndipo uthengawo musaufufute. Ndalama yonse ikaperekedwa patsogolo imakamalizira ntchito ya munthu wina amene anakalipa dzulo, yanu n'kumadikira dipoziti ya wobwera mawa. Ambiri amene mumawatcha akuba sanayambe ndi mtima wakuba, anangozolowera kutseka ngongole ndi ngongole inzake mpaka zinawakulira. Ndalama ya chilimba imene mwaidikira miyezi yonseyi isakathere pamenepo.

Kuchedwa kudzakhalapo, ndipo kwina n'koona. Mu 2024 chilala chitachepetsa madzi ku Kariba, magetsi ankabwera maola ochepa pa tsiku, pena atatu okha, penanso pakati pa usiku, moti owotcherera ankadzuka anthu ali m'tulo kuti agwire ntchito. Amene anali ndi jenereta anakweza mtengo chifukwa cha mafuta. Munthu wotere mukamukalipira mwamulakwira. Zoona mudzazidziwa ndi mapazi anu. Akakuuzani pa foni kuti, "Malaiti kulibe, ba bosi, bwelani mailo," pitani tsiku lomwelo. Mukapeza zitsulo zanu zili zodulidwa kale, zikungodikira moto, pirirani. Mukapeza palibe ngakhale chitsulo chimodzi cha inu koma geti la munthu wina likuthetheka, musachokepo musanagwirizane tsiku pamaso pa anzake a pa shedipo. Manyazi a pamaso pa anzake amamufulumiza kuposa kumuimbira kakhumi.

Nanunso mukhale anthu. Ndaona achinyamata ovala bwino akunenerera mtengo mpaka mmisiri kutsala wopanda ya sopo, kenako n'kumadabwa kuti felemu lapyapyala. Mukamufinya pa mtengo, iye adzafinya pa chitsulo, pa guluu ndi pa penti, poti naye ali ndi ana ofuna nsima. Funsani mitengo kwa amisiri angapo, ndipo wotsikitsitsayo mumufunse chimene wachotsapo. Akamagwira ntchito pakhomo panu madzi akumwa asachite kupempha, ndipo nthawi ya nsima ikakwana mumuitane asambe m'manja. Ngati ndi wamkulu kwa inu muziti "abambo" kapena "amisiri", za "iwe" ayi. Ntchito ikatha monga munapanganirana, mulipireni tsiku lomwelo. Kumuyendetsa munthu mwezi wathunthu kulondola ndalama yake, inu mukugona kuseri kwa chitseko chimene anapanga, ndi kuba kumene. Mbiri yotere imayenda m'mashedi onse, ndipo tsiku limene kiyi adzathyokere m'loko usiku mudzasowa wobwera.

Inu a pa lendi, musagule chitseko cha nyumba ya mwini musanamve mawu a alandilodi. Chikangolowa m'khoma, kuchichotsa ndi mlandu. Gwirizanani polemba kuti ndalama yake izidulidwa pa lendi, kapena kuti potuluka mudzanyamula chanu n'kubwezerapo chakale, ndipo chakalecho muchisunge. M'nyumba zakale za m'komboni makomo sanamangidwe pa muyeso umodzi, choncho mmisiri abwere ayeze yekha, pamwamba, pakati ndi pansi. Miyeso musamutumizire pa foni. Ngati khoma ndi la zidina kapena la mabuloko osowa simenti, auzeni alandilodi kuti pochotsa felemu likhoza kugumuka, mudziwiretu kuti wokonza adzakhala ndani.

Zikavuta ndithu, munthu wadya ndalama ntchito osaoneka, musatume anyamata a pa siteshoni kukamulanda zida. Mmisiri wopanda makina sangakubwezereni kanthu, ndipo mlandu umatembenukira inu. Yambani ndi mboni yanu ija ndi akuluakulu a pa msika kapena pa shedi pamene amagwirira ntchito. Zikakanika, kuli Small Claims Court, khoti la milandu ing'onoing'ono ya ndalama, kumene munthu amadziyankhulira yekha popanda loya. Kumeneko kabuku kaja ndi mauthenga a pa foni ndizo zidzakuimireni umboni. Koma khoti nalonso limafuna kudziwa kumene woimbidwa mlandu amapezeka kuti samani imufike, ndipo munthu amene mumangomudziwira nambala ya foni simungamusumire.

Sabata ino pezani amisiri atatu ndi nyumba zimene anagwirako ntchito. Loweruka m'mawa mudzanditenge tikazione limodzi zitsekozo, tikatero tidzadutse ku Buseko. Kufikira tsikulo musapereke ngwee kwa aliyense.